Mboni imodzi siikwana, ngakhale ikhale kompyuta

Mnzanga wina wa fizikisi anandionetsa girafu ya mphamvu za manyutironi yomwe anatulutsa pa Geant4, n'kunena kuti ntchito yatha. Nditamufunsa ngati anayesako pulogalamu ina, anaseka: "Iwe, imeneyi ndi ya ku CERN." Sindinagwirizane naye. Kwa amfumu mlandu suthera pa mboni imodzi, ngakhale mboniyo ikhale yotchuka.

Tiyambire kwathu ku Dedza. Tawuniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kumtunda kotere manyutironi obadwa ku cheza chochokera kuthambo amachuluka kuposa kunyanja. Haidrojeni wa m'madzi amawachepetsa liwiro, choncho nthaka ikanyowa, manyutironi othamanga pamwamba pake amachepa. Pali makina owerenga manyutironiwa n'kudziwa chinyezi cha munda wonse osakumba. Mlimi wa kachewere ku Bembeke angadziwe tsiku lothirira.

Koma makinawo amamva chinyezi mpaka pati? Mu 2013, Desilets ndi Zreda anawerengera pa MCNPX n'kupeza mamita pafupifupi 300 kuzungulira. Mu 2015, Köhli ndi anzake anagwiritsa ntchito URANOS n'kupeza mamita 130 mpaka 240. Mamita 300 ndi mahekitala 28, pomwe 130 ndi mahekitala 5 okha. Ukakhulupirira nambala yolakwika, uthirira munda wako potengera chinyezi cha dimba la mnansi.

Mapulogalamuwa amasiyana pa zifukwa zodziwika. Pansi pa 20 MeV amadalira matebulo a zoyezedwa monga ENDF/B, JEFF kapena JENDL, omwe safanana ndendende. Pamwamba pake amadalira kwambiri masamu oyerekeza, ndipo pa Geant4 umasankha wekha physics list. Mphamvu zomwe wapatsa manyutironi poyambira nazonso zimasintha yankho. Magirafu awiri akasemphana, kusemphanako kumakulozera pamene waganiza mosayenera.

Ena anena kuti tilibe nthawi, malaputopu athu ndi ofooka, magetsi amathima, ndipo chilolezo cha MCNP n'chovuta kupeza. Zoona. Komatu Geant4 ndi OpenMC ndi aulere, ndipo kuyerekeza mpira wamadzi wokhala ndi gwero pakati sikufuna kompyuta yamphamvu. Chenjezo n'lakuti mapulogalamu awiri angagwirizane chifukwa akudya m'mbale imodzi ya ENDF/B. Woweruza womaliza ndi muyezo weniweni.

Izi si zamasewera. Dziko lino lili ndi uranium ku Kayelekera, lamulo la Atomic Energy la 2011, ndi chipatala cha khansa ku Lilongwe. Makina owotcha khansa akapitirira 10 MV amatulutsa manyutironi, ndipo wina ayenera kuwerengera kukhuthala kwa khoma ndi chitseko zoteteza namwino. Mawa wowerengerayo akhoza kukhala iwe. Usanasayinire girafu yako, itana mboni yachiwiri.