Switch kapena if-else? Magiredi a MSCE akuyankheni

Ena amati switch ndi ya akatswiri, if-else ndi ya ongoyamba kumene. Ayi ndithu, anzanga. Yang'anani kaye funso lomwe pulogalamu yanu ikuyankha.

Tiyerekeze kuti aphunzitsi a pasekondale ina ku Domasi akupemphani pulogalamu ya zotsatira za mayeso. Magiredi a MANEB pa MSCE ndi 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 credit, 7 ndi 8 pass, 9 walephera. Ndi manambala odziwika, owerengeka pazala. Apa switch ndiye mwini wake, giredi iliyonse ndi case yakeyake.

Nanga kusandutsa malikisi, 0 mpaka 100, kuti akhale giredi? Mulemba ma case 101? Imeneyo ndi ntchito yakalavulagaga. If-else imangofunsa kuti malikisiwo afika pamlingo wakuti kapena ayi, basi.

Koma samalani. M'chinenero cha C, mukaiwala break, kompyuta imatsetserekera ku case yotsatira. Mwana wopeza 8, yemwe wakhoza, n'kuuzidwanso kuti walephera!

Za liwiro musavutike nazo, pa magiredi 9 kusiyana kwake simungakuone. Sankhani njira yomwe mnzanu angaiwerenge mawa osakufunsani.