Khothi linalola madiredi kusukulu, nanga chipewachi n'chachiyani?

Lachinayi lapitali ndinali pa Kande, nditakhala pa benchi ya mnzanga wina wa Chirasta amene amasema ziboliboli n'kumagulitsa kwa alendo. Kamnyamata kake ka Sitandade 4 kanatulukira kuchokera kusukulu katavala chipewa cha ulusi mpaka m'makutu, dzuwa likuswa mtengo. Nditafunsa, bambo ake anangoseka. Akuti palibe wamuthamangitsa mwanayo, kungoti aphunzitsi ena anamuuza kuti tsitsilo lisamaoneke. Sukuluyo sinditchula, musavutike kundifunsa ku inbox.

Ambirife tinaiwala kale nkhaniyi. Pa 8 Meyi 2023, Jaji Zione Ntaba wa High Court ku Zomba anagamula kuti kukaniza ana a Chirasta m'sukulu za boma chifukwa cha madiredi n'kuphwanya Konsitichushoni. Mlandu unachokera kwa ana awiri, wina anakanizidwa pa Malindi Secondary ku Zomba, wina pa Blantyre Girls Primary. Unduna wa Maphunziro unauzidwa kuti pofika pa 30 Juni chaka chomwecho ukhale utalembera sukulu zake zonse kuti ana otere azilandiridwa. Ndime 20 imaletsa tsankho, ndime 25 imapereka ufulu wa maphunziro, ndime 33 ufulu wa chipembedzo. Papepala zonse zili bwinobwino.

Koma chomwe chimandiimitsa mutu n'chakuti anawo sankakanizidwa ndi lamulo lililonse la Nyumba ya Malamulo lomwe linali likugwirabe ntchito. Malamulo a kavalidwe a nthawi ya Kamuzu, aja oletsa azimayi kuvala thalauzi, anatha pomwe matipate ankabwera. Lamulo linafa, chizolowezi chinatsala m'maofesi a mahedi zaka pafupifupi 30. Ndiye ngati chiletso chinakhala nthawi yonseyo popanda lamulo, mukuganiza kuti kalata imodzi yochokera ku Capital Hill ingachizule? Chimangosintha malaya basi. Dzulo ankati "kamete", lero akuti "vala chipewa".

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mwendo wina. Maphunziro kunyanja kuno anabwera ndi mishoni, kuyambira pomwe Robert Laws anakhazikika pa Bandawe mu 1881, ndipo mpaka lero sukulu zambiri eni ake ndi mipingo pomwe aphunzitsi amalandira malipiro ku boma. Ndiye pa geti pamalamula ndani? Mpingo umati nyumba ndi yathu, ndipo ukunena zoona. Koma malipirowo amachokera ku msonkho, ndipo msonkho Rasta amadula akagula sopo ndi mayunitsi ngati wina aliyense. Kwa ine, sukulu ikangolandira ndalama za boma, ufulu wosankha ana potengera mutu wawo yaugulitsa.

Anzathu kum'mawa anadutsamo kale. Mkangano wa hijabu m'sukulu za mipingo ku Balaka ndi Machinga unafika potseketsa sukulu, mpaka mu 2021 bungwe la PAC linakhazika pansi Akhristu ndi Asilamu n'kusainirana mgwirizano wolola atsikana kuvala hijabu yogwirizana ndi yunifomu. Zinathandiza, inde. Koma mgwirizano si lamulo, ndipo Arasta alibe mabishopu kapena mashehe oti boma liziwaopa chisankho chikayandikira.

Akuluakulu ena pa Chintheche amandiuza kuti diredi ndi chamba n'zapachibale, ukalola mmodzi mawa kalasi yonse yapota. Ndimawamva, beach tonse timaidziwa. Koma mwana wa Sitandade 4, abale? Akapezeka ndi chamba alangidwe za chambazo. Ine ndinasiyira yunivesite panjira chifukwa cha fizi, ndipo amene ndinkawaona akuyaka ku hostel ambiri anali ometa bwino, ena a kwaya.

Chomwe chikusowa ndi njira yodandaulira yoti munthu wamba angaikwanitse. Education Act ya 2013 imati pulayimale ndi yokakamiza. Bwanji aphungu osaikamo ndime yomveka, yotchula sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma, yonena komwe kholo lingapite, masiku oti liyankhidwe, ndi chomwe chingachitikire hedi wokana? Panopa kholo limayambira kwa a PEA, kenako kwa a DEM ku boma, zikakanika kwa Ombudsman ku Mzuzu. Wa ku Usisya ndiye adikire boti kapena alimbane ndi msewu uja. Ana awiri a ku Zomba ndi Blantyre anali ndi maloya a mabungwe kumbuyo kwawo, ndipo zinawatengerabe zaka.

Mnzanga uja ndinamutumizira nkhani ya chigamulocho pa WhatsApp kuti akawaonetse ahedi. Anawerenga, n'kunena kuti aganizira kaye. Akuopa kuti akakapanga phokoso, mwanayo ndi amene azikakhala ndi aphunzitsiwo tsiku ndi tsiku mpaka Sitandade 8. Lolemba m'mawa ndinakaona kamnyamatako pamsewu wa M5, kali ndi chipewa chake.