Ngongole Ikakanika: Kuzimitsa Foni Kapena Kukaonekera?

Tsiku lobweza likadutsa m'thumba muli mbee, ambiri timayamba ndi kuzimitsa foni. Kenako timasintha njira ya kumsika, ana n'kuwaphunzitsa kuti alendo akagogoda aziti "bambo achokapo," bambowo ali phee kuchipinda. Munthu wotere sindifulumira kumuweruza.

Ali ndi zifukwa zake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, itagwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, amene anabwereka mpamba wa geni anapeza kuti ndalama yomweyo sikuthanso kuoda katundu wa masiku onse. Phindu linathera m'mitengo, ngongole ili pomwepo. Ndiye akaonekere atanyamula chiyani? Palinso okongoza ena amene amabwera chigulu, kulalata pamaso pa ana, n'kunyamula mapoto, matiresi, ngakhale kusasula malata. Amene anaonapo zimenezi kwa mnansi, mantha ake ndi omveka. Kubisala kumamupatsa masiku angapo oti mwina apeze kangachepe.

Koma mwini ndalama nayenso ndi munthu. Kubanki m'khonde ndalamazo si za kampani ya kutali, ndi masheya a mayi wa mandasi amene akudikira kugawana kwa mu Disembala kuti agule feteleza ndi kulipira fizi ya Januwale. Iye akamaimba foni yosayankhidwa, amaganiza kuti wadyeredwa. Ine ndimaona kuti chimene chimautsa ukali kwambiri ndi chete ameneyu, kuposa kuchedwa kwenikweniko. Wobwera yekha pabwalo n'kunena kuti, "Amayi, geni yandigwera, lero ndapeza zochepazi, zotsalazo ndizibweretsa Loweruka lililonse," kawirikawiri amakalipiridwa, inde, koma mapoto ake amagona m'nyumba mwake.

Kumabanki ndi kumabungwe obwereketsa ndalama kubisala n'kosathandiza konse. Chiyambire lamulo la 2010 lokhudza mabungwe osunga mbiri ya ongongola, dzina la wosabweza limakafika kwa obwereketsa ena, ndipo khothi likagamula, masherifu amabwera kudzalanda katundu. Pomwe kugulitsa chikole kumawatayitsa nthawi obwereketsawo, motero ambiri amalola kukambirana kuti nthawi yobwezera italikitsidwe. Nako kuli ndi msampha wake: zopereka pamwezi zimachepa, koma chiwongoladzanja chonse chimakula. Funsani chiwerengero chonsecho musanasaine, ndipo musalonjeze ndalama imene mukudziwa kuti mwezi wamawa simuipeza, chifukwa lonjezo lachiwiri likaphwanyika palibenso amakumverani.

Pamene ndimasiyana ndi olangiza kuti "ingopitani mukapepese" ndi pa katapila. Wakatapila amasunga khadi lanu la ATM, malipiro akalowa n'kutapa yekha, chiwongoladzanja n'kumaberekanso chinzake. Aphunzitsi ndi antchito ena ambiri agwira ntchito miyezi osaona malipiro awo chifukwa cha zimenezi. Kupita nokha kwa munthu wotere ndi kukadzimangitsa pangano lina loipirapo. Pitani ndi mboni, kaya mfumu kaya mkulu wa mpingo, muwerengetsere zonse zimene munapereka kale, zilembedwe. Malamulo athu, kudzera mu Loans Recovery Act, amapatsa khothi mphamvu younikanso pangano la chiwongoladzanja chonyanya. Komanso kulephera kubweza ngongole si mlandu wa upandu, choncho woopseza kuti akutsekeretsani kupolisi akudalira kuti simukudziwa zimenezi.

Chimene ndimachiopa kuposa zonsezi ndi kubwereka kuno kuti ukabweze uko. Munthu amatenga kwa wakatapila kuti atseke pakamwa a banki m'khonde, amatenganso ngongole ya pafoni kuti asangalatse wakatapila, pofika nthawi yokolola chimanga chonse chili kale ndi eni ake. Akanakhala pansi ndi amayi aja mwezi woyamba, akanatuluka thukuta la manyazi masana amodzi, nkhokwe n'kutsala yake.