ZA ASODZI: Phazi la Pulopela

Anzathu a kunyanja, sabata ino tikambirane za kacitsulo kamene kamazungulira m'madzi kumbuyo kwa boti, kamene timati pulopela. Asodzi ambiri akapeza ndalama amafunsa za injini yokha, kuti kodi ndi ya akavalo 15 kapena 40. Za pulopela safunsa ai. Koma injini yabwino ikabvekedwa pulopela yosayenera imafa msanga. Pamenepo mwini wace amayamba kudandaula kuti anamgulitsa injini yoipa, mwinanso kuganizira anzace kuti amlodza.

Pulopela imagwira nchito monga sikuluu yolowa m'thabwa. Mukapotoza sikuluu kamodzi imalowa pang'ono. Pulopela nayonso ikazungulira kamodzi imafuna kupita patsogolo mtunda woyesedwa. Mtunda umenewu pa Cingerezi amati pitch, koma ife tiuche phazi la pulopela. Mapiko opotoka kwambiri amaponya phazi lalitali, ndipo opotoka pang'ono amaponya phazi lalifupi.

Tengani pulopela yanu muiyang'ane bwino. Mudzapeza manambala awiri olembedwa pa citsulo, monga 11 1/8 x 13. Nambala yoyamba ndi ukuru wace poyesa modutsa pakati, m'mainchesi. Yaciwiri ndiyo phazi lija, mainchesi 13 pa kuzungulira kumodzi. Koma madzi si thabwa. Pulopela imaterereka m'madzi, ndipo boti silikwanitsa mainchesi onsewo. Boti likalemera, kuterereka kumacuruka.

Amene munakwerapo njinga ya magiya mudzamva msanga. Pa msewu wa cidikha, wopanda katundu, giya yolemera imathamangitsa. Koma mangani thumba la cimanga pambuyo, muyambe kukwera citunda ndi giya yomweyo. Miyendo idzalephera kupalasa. Phazi lalitali ndilo giya yolemera, loyenera boti lopepuka. Phazi lalifupi ndilo giya yopepuka, loyenera boti la matabwa lonyamula cilimira, nyali, anthu ndi usipa.

Injini iri yonse iri ndi liwiro lace limene anaipangira, ndipo lalembedwa m'buku lace. Injini za Yamaha Enduro za akavalo 15 ndi 40 ziyenera kuzungulira pakati pa 4,500 ndi 5,500 pa miniti imodzi mukatsegula moto wonse. Cimene cimaikweza kapena kuitsitsa m'malire amenewa ndico pulopela. Amakanika ali ndi lamulo lace: mukaonjeza phazi ndi inchi imodzi, kuzungulira kwa injini kumatsika ndi 150 kapena 200. Mukacepetsa ndi inchi imodzi, kumakwera momwemo.

Tiyerekeze kuti boti lanu lasenza katundu wa masiku onse, ndipo injini ikungofika pa 4,100 ndi phazi la mainchesi 13. Injiniyo yatsamwa. Mukaika pulopela ya mainchesi 11, idzakwera kufika pafupi ndi 4,500. Pamenepo idzaturutsa mphamvu yocuruka, ndipo mudzadabwa kuona boti likuyenda bwino koposa kale ngakhale phazi lafupika. Paja akuru anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kulumpha.

Amakanika ena ali ndi kacipangizo kowerengera kuzungulira kwa injini. Ngati mungathe, pitani naye mmodzi panyanja tsiku la bata, boti liri ndi katundu wace wa nthawi zonse. Kuyesa boti lopanda kanthu nkudzinyenga nokha. Ngati kacipangizoko kulibe, cherani khutu. Injini ya phazi lalitali mopitirira imabuula ngati ng'ombe ya pa ngolo, imacedwa kunyamuka, imatentha, ndipo mapulagi ace amada kawirikawiri. Ikakhala cotero miyezi yambiri, pisitoni imaonongeka. Injini ya phazi lalifupi mopitirira imakuwa ndi mau osongoka, petulo akutha koma mtunda wosatha, ndipo zitsulo za m'kati zimadyeka msanga. Njira ziwiri zonsezi zimathera kwa makanika.

Ena amati cacikuru ndico cabwino. Imvani nkhani ya Francis Pettit Smith, mlimi wa ku England, mmodzi wa anthu oyamba kuyendetsa boti ndi pulopela. Iye analembetsa nzeru yaceyo ku boma m'caka ca 1836. Pulopela yace inali ya mtengo, yaitali ngati sikuluu yeniyeni. M'caka ca 1837, akuyesa boti lace mu ngalande ya Paddington ku London, pulopelayo inathyoka nkutsala theka. Anthu anadabwa kuona kuti boti linayamba kuthamanga koposa poyamba. Kuyambira pamenepo Smith anapanga pulopela yaifupi. Cofunika si ukuru, koma kuti pulopela igwirizane ndi injini ndi katundu.

Ngati boti lanu limagwira nchito ziwiri, lero kukoka ukonde, mawa kuthamangira kumsika lopepuka, nkwabwino kukhala ndi mapulopela awiri. Mtengo wa pulopela ndi wocepa poyerekeza ndi mtengo wa injini yatsopano.

Cenjeraninso ndi miyala ndi mcenga pokoceza. Phiko limodzi likapindika, phazi lace limasiyana ndi la anzace, ndipo injini imayamba kunjenjemera. Kunjenjemerako kumaononga mphira yotseka mafuta a magiya, madzi nkulowa. Musayese kusintha phazi ndi hamala kapena tupa, cifukwa ndi maso okha simungalinganize mapiko onse atatu. Sabata iri yonse cotsani pulopela muone ngati ulusi wa ukonde wadzikulunga pa mtanda wace, pakuti ulusi umadula mphira yomwe ija.

Nkhaniyi si ya ndalama zokha. Nonse mudziwa mmene mwera umaukira m'miyezi ya June ndi July. Boti lodzaza likakumana ndi mafunde pakati pa Nkhotakota ndi Likoma, kapena pakati pa Senga Bay ndi Makanjira, limafuna injini yomvera msanga pokwera funde. Injini yotsamwa ndi phazi lalitali simvera, ndipo m'botimo muli ana a eni. Cifukwa cace musanyamuke opanda pulopela yapadera, nati, pini ndi sipanala, ndiponso nkhafi.

Madzulo ano, musanakankhire boti m'madzi, weramani muwerenge manambala a pa pulopela yanu, muwalembe pa pepala, ndipo mukafunse makanika ngati akugwirizana ndi katundu amene mumanyamula. Safunsa anadya phula.