Kufufuta chithunzi pakhoma sikuthetsa dandaulo

Anthu akamakamba za ufulu wochita zionetsero, maganizo amathamangira ku chinamtindi cha anthu oyenda mumsewu atanyamula zikwangwani, koma ulipo mtundu wina wa chionetsero umene suyenda ndipo subalalika ndi utsi wokhetsa misozi, ndiwo zojambula zam'makoma, kutanthauza zithunzi ndi mawu amene akatswiri ojambula amapaka ndi penti pazipupa, pamilatho ndi pamipanda yoyang'ana kumsewu, kawirikawiri usiku ndiponso popanda chilolezo. Nyuzipepala ino ikuona kuti zojambula zotere, ngati cholinga chake chili kudzudzula kayendetsedwe ka dziko, ndi mawu a nzika, ndipo boma kapena khonsolo imene imafulumira kuzifufuta isanayankhe zimene zanenedwazo imangokwirira dandaulo limene mawa lidzatulukira pena.

Zimene zidachitika mumzinda wa Nairobi ku Kenya m'chaka cha 2012 zikuonetsa bwino mphamvu ya luso limeneli. Kutatsala pafupifupi chaka kuti dzikolo lichite chisankho cha 2013, gulu la achinyamata ojambula, mogwirizana ndi Boniface Mwangi, wojambula zithunzi za m'nyuzipepala amene adaona ndi maso ake zipolowe zimene zidapha anthu oposa 1,000 pambuyo pa chisankho cha 2007, lidajambula usiku chithunzi chachikulu pakhoma pafupi ndi msika wa City Market. Pachithunzipo padali muimba, mbalame yodya zakufa ija, itavala suti ngati phungu wa Nyumba ya Malamulo, itakhala pampando wawofuwofu pamutu pa mayi wosauka, chikwama cha ndalama zakuba chili m'manja, ndipo pambali pake padandandalikidwa mbiri ya katangale m'dzikolo, kuphatikizapo milandu ya Goldenberg ndi Anglo Leasing imene idasakaza chuma chambiri cha boma. Uthenga wake udali wakuti miimbayo imakhala pampando chifukwa ovota amaisankha potsata mtundu kapena polandira kangachepe, kotero chithunzicho chidadzudzula wolamulira ndi wovota yemwe.

Akuluakulu a mzindawo adatuma anthu kukapaka penti pazithunzi za miimbazo, koma pofika nthawi imeneyo zidali zitajambulidwa kale pamafoni, zitatuluka m'nyuzipepala ndi pakanema, ndipo dzina lakuti miimba lidali litawakanirira aphunguwo. Kungakhale kunama kunena kuti khoma limenelo lidathetsa ziphuphu ku Kenya, pakuti andale ambiri amene ankadzudzulidwa adapitirizabe kupambana pazisankho, koma lidapatsa munthu wogulitsa malonda pamsika, amene alibe wailesi kapena nyuzipepala yakeyake, njira yotchulira vuto lake m'chithunzi chimene ngakhale wosadziwa kuwerenga amachimva akangochiona kamodzi.

Ku Cairo m'dziko la Egypt khoma lidagwira ntchito ina, yosunga chikumbutso cha akufa. Mumsewu wa Mohamed Mahmoud, umene umatulukira pabwalo la Tahrir, m'mene anthu oposa 40 adaphedwa polimbana ndi apolisi mu November 2011, ojambula monga Ammar Abo Bakr ndi Alaa Awad adadzaza zipupa ndi nkhope za achinyamata amene adafa, kuphatikizapo ochemerera mpira oposa 70 amene adaphedwa pabwalo lamasewera la Port Said mu February 2012. Boma litafufuta zithunzizo mu September 2012, ojambulawo adabwerera posakhalitsa n'kuyambiranso, ndipo zatsopanozo zidanyoza ofufutawo. Luso limeneli lidazilala pamene boma lidakhazikitsa lamulo lokhwima loletsa zionetsero kumapeto kwa 2013, zimene zikusonyeza kuti ufulu wa pakhoma ndi ufulu wa mumsewu zimakula limodzi ndipo zimafera limodzi.

Otsutsa zojambula zoterezi ali ndi mfundo zimene siziyenera kunyozedwa. Khoma lililonse lili ndi mwini wake, ndipo munthu amene wakongoletsa sitolo kapena mpanda wake ndi ndalama zake sayenera kudzuka m'mawa n'kupeza kuti wasandutsidwa chikwangwani cha nkhani imene sakuidziwa, mwinanso imene ingamudanitse ndi makasitomala ake kapena kumuitanira ogenda. Komanso wojambula usiku amabisa dzina, choncho n'kosavuta kuti anamizire munthu wosalakwa kapena kufesa chidani pakati pa mitundu popanda womufunsa. Mavuto awiriwa ndi enieni, koma mankhwala ake ndi kuteteza katundu wa eni ndi kulanga wonamizira mnzake potsata malamulo amene alipo kale, osati kuletseratu luso lonse.

Kuno ku Malawi maziko a nkhaniyi ali m'malamulo aakulu a dziko, m'mene gawo 35 limapatsa munthu aliyense ufulu wofotokoza maganizo ake, gawo 38 limateteza ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere popanda zida, gawo 28 limateteza katundu wa munthu, ndipo gawo 44 limalola kuchepetsa ufulu pokhapokha ngati malirewo alembedwa m'lamulo, ndi oyenera, ndipo ndi ofunikadi m'dziko la ufulu wa demokalase. Dziko lino likudziwa mtengo wa chionetsero cha mumsewu, pakuti pa 20 ndi 21 July 2011 anthu pafupifupi 20 adataya miyoyo, ndipo zionetsero zotsatira chisankho cha pulezidenti cha 2019, chimene khoti lidachithetsa pa 3 February 2020, zidasiya masitolo ambiri ataphwanyidwa ndi kubedwa. Poyerekeza ndi zimenezo, chithunzi cha pakhoma ndi njira yofatsa kwambiri yotulutsira mkwiyo, ndipo boma lanzeru likadayenera kuchilandira pokumbukira kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Chimene chikutidetsa nkhawa ndi kukondera pa kagwiritsidwe ntchito ka malo a anthu onse. Nyengo ya kampeni ikafika, miyala, mitengo ya m'mbali mwa msewu, milatho ndi mapolo a magetsi zimavekedwa mitundu ya zipani ndi nkhope za opikisana, pamene chaka chonse makoma a magolosale amawala ndi penti ya makampani a mafoni, sopo ndi zakumwa, ndipo zonsezi zimaonedwa ngati zabwinobwino. Ngati wandale ndi wamalonda ali ndi danga lolankhula ndi anthu odutsa, palibe chifukwa chomveka chomanira danga lomwelo mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Mchesi amene akufuna kujambula mzere wa galimoto zodikira mafuta kapena shelefu yopanda mankhwala kuchipatala. Sizingathekenso kunena kuti mwambo umenewu ndi wachilendo, popeza m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo 127 amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, muli zithunzi zoyera za zilombo za nyau zimene Achewa adajambula m'nyengo imene gule wamkulu ankaponderezedwa ndi amishoni ndi atsamunda.

Pachifukwa ichi tikupempha makhonsolo a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba kuti apatule makoma ena a m'misika, m'madepoti ndi m'mabwalo amasewera kuti akhale malo ololedwa kujambulapo, ndipo alembe poyera malamulo ochepa ndi omveka oletsa kutukwana, kunamizira munthu ndi kudzutsa chidani cha mitundu kapena zipembedzo, popanda kupatsa mkulu aliyense wa khonsolo mphamvu yokana chithunzi chabe chifukwa chikuwawa chipani cholamula. Malamulo omwewo agwirenso zipani zimene zimapaka penti pamilatho ndi kusiya zikwangwani zawo zikuwolera pamitengo chisankho chitatha. Nawonso ojambula apemphe chilolezo kwa eni makoma amene si a boma, ndipo atsimikize kuti chimene akujambula ndi choona, pakuti chithunzi chabodza chimodzi chimapatsa ofufuta chifukwa chimene akhala akuchifunafuna. Khonsolo imene ingayambe kuchita zimenezi idzakhala ndi njira yotsika mtengo yodziwira zimene zikuwawa anthu ake iwo asanatulukire mumsewu.