Msonkho wa Makampani: Wa M'lamulo ndi Wofika ku Boma

Mlimi wa ku Katete akamva pa wailesi kuti makampani a migodi amakhoma msonkho wa K30 pa K100 iliyonse, amayesa kuti ndalamayo imadulidwa pa mkuwa wonse wogulitsidwa. Si conco ai. Ulipo msonkho wina wa pa miyala yokumbidwa, koma uwu wa K30 umadulidwa pa phindu lokha, ndiko kunena ndalama yotsala atacotsa malipiro a anchito, magetsi, makina ndi ciwongoladzanja ca ngongole. Ndipo amene amayamba kulemba kukula kwa phindulo ndi kampani mwini wace.

Ici ndico cifukwa akatswiri owerengera ndalama amasiyanitsa mlingo wa m'lamulo ndi mlingo weniweni. Mwacitsanzo, kampani ikapindula K100 koma m'mabuku a msonkho nkuoneka K40 cabe, Boma lidzalandira K12. Lamulo likunena 30, koma cofika m'thumba la dziko ndi 12. Kusiyana kwina nkololedwa, pakuti Boma lomwe limakhululukira kampani yogula makina atsopano. Kwina ndiko kumabala milandu.

Mlandu wodziwika kwambiri ndi wa kampani ya Mopani, ya migodi ya ku Kitwe ndi Mufulira, imene pa nthawiyo gawo lace lalikulu linali m'manja mwa Glencore ya ku Switzerland. Bungwe lotolera misonkho la Zambia Revenue Authority, litafufuza mabuku, linapeza kuti Mopani inali kugulitsa mkuwa kwa Glencore pa mtengo wotsika kuposa umene inali kugulitsira ogula ena. Nkhaniyi siyovuta kwa munthu wa kumudzi. Ili ngati mlimi wopatsa mbale wace nshawa pa mtengo wa cabecabe, mbaleyo nakagulitsa ku tauni pa mtengo wabwino: ndalama yakhala m'banja lomwelo, koma mlimi aoneka ngati sanapindule kanthu. Mopani inakana, niti malonda ace anali olongosoka. M'mwezi wa Meyi 2020 Khoti Lalikulu la Supreme Court linagamula mokomera Boma, nililamula kampaniyo kulipira K240 miliyoni pa zaka za msonkho za 2006/07, 2007/08 ndi 2009/10. Glencore inacoka mu Mopani mu 2021.

Pa zaka zonse za mkanganowo ndalamayo inali lende, osati ya Boma, osatinso ya kampani kwenikweni. Umenewu ndiwo owerengera ndalama amaucha msonkho wokayikitsa. Kuyambira mu 2019 malamulo a kalembedwe ka mabuku amene maiko ambiri amatsata akuti kampani iyenera kudzifunsa ngati otolera msonkho, atadziwa zonse, angavomere mawerengedwe ace. Ngati sangavomere, ilemberetu m'mabuku ndalama imene ikuyembekeza kudzalipira. Lamuloli nlabwino, koma limathandiza eni masheya kudziwa ngozi yao. Silifulumizitsa ngwee ngakhale imodzi kufika ku cipatala ca kumudzi.

Kucedwako kuli ndi mtengo wace. Mu 2009 dola imodzi ya ku America inali pafupifupi K5 powerengera m'ndalama za masiku ano, koma pamene ciweruzo cinaperekedwa inali itapitirira K18. Feteleza ndi mankhwala ambiri, zimene dziko limagula kunja, zimalipiridwa ndi madola.