Wonamiza makina oyezera mowa kawirikawiri amakhala atavala yunifomu

Pamalo aliwonse omwera mowa sipalephera kupezeka katswiri wodziwa kuzemba apolisi apamsewu. Uyu akuti ukaika ndalama yachitsulo kunsi kwa lilime, kachipangizo kouzira kaja kamasokonezeka. Wina akuti adyo. Wina akuti mtedza wauwisi, wina chingamu, wina makapu awiri a khofi wowawa. Amalankhula motsimikiza, anzawo n'kumagwedeza mitu, koma palibe chilichonse mwa zimenezi chimene chimagwira ntchito.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mowa ukamwedwa umalowa m'magazi kudzera m'mimba ndi m'matumbo, ndipo magaziwo akamadutsa m'mapapo, kamowa pang'ono kamatuluka limodzi ndi mpweya. Kachipangizo koyezera mowa kotchedwa breathalyser kamafuna mpweya wochokera pansi penipeni pa mapapo, n'chifukwa chake wapolisi amaumirira kuti, "Uziranibe bwana, musasiye." Mkati mwa tizipangizo tambiri ta m'manja muli tizitsulo ta platinum. Mowa ukatikhudza pamatuluka kamphamvu ka magetsi, ndipo kukula kwa mphamvuyo ndiye nambala imene imaoneka pagalasi. Kachipangizoka kalibe mphuno. Adyo angabise fungo kwa mayi a kunyumba, koma platinum sadziwa n'komwe kuti munthu watafuna chiyani.

Mu 2003 pulogalamu ya pa TV ya ku America yotchedwa MythBusters inayesa nzeru zotere pamaso pa apolisi: ndalama zachitsulo, maswiti onunkhiritsa m'kamwa, anyezi, batire. Nambala sinatsike. Mankhwala otsukira m'kamwa ndiwo anachita zodabwitsa, chifukwa anaikweza, poti ena mwa mankhwalawa ali ndi mowa wambiri kuposa vinyo. Chimene chimachotsa mowa m'thupi ndi chiwindi, ndipo chiwindi sichithamangitsidwa. Botolo limodzi chimatha nalo ola kapena kupitirira. Munthu amene wachoka pabala 2 koloko usiku, n'kusamba madzi ozizira m'mawa, n'kumwa tiyi, amatha kugwira chiwongolero 6 koloko akuganiza kuti ndi matsire chabe pomwe akadali woledzera.

Ndiye kodi makinawa salakwa? Amalakwa, ndipo apa m'pamene nkhani ikufunika kukambidwa mosabisa.

Robert Borkenstein, wapolisi wa ku Indiana amene anapanga Breathalyzer mu 1954, sanapange makina oyeza magazi. Anapanga makina oyeza mpweya n'kuyerekeza za m'magazi. Ku America amawerengera kuti mowa wa mu mamililita 2,100 a mpweya ndi wofanana ndi wa mu mililita imodzi ya magazi, pomwe ku Britain amagwiritsa ntchito 2,300, ndipo matupi a anthu amasiyana. Palinso vuto la mowa wotsalira m'kamwa. Munthu amene wangomeza kumene, kapena wageya, kapena wasanza, amaonetsa nambala yokwera kuposa imene ili m'magazi mwake. Pachifukwachi malamulo a mayiko ambiri amati wapolisi adikire mphindi 15 kapena 20 akumuyang'anira munthuyo asanamuyeze, ndipo ayeze kawiri.

Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti makinawa amafuna kuyesedwa okha nthawi ndi nthawi ndi mpweya wa mowa wodziwika mlingo wake. Mlimi aliyense amene anagulitsapo soya kwa mavenda amadziwa kuti sikelo payokha siba, amaba ndi mwini sikelo. Zomwezi ndi zimene zachitika m'mayiko amene ali ndi ndalama ndi akatswiri kuposa kuno ku Malawi.

Mu 2010 zinadziwika kuti mumzinda wa Washington anthu pafupifupi 400 anapezeka olakwa pogwiritsa ntchito makina amene ankakweza nambala ndi 20 peresenti, chifukwa anali atatcheredwa molakwika. Ku New Jersey sajeni mmodzi wa polisi ankadumpha gawo lina poyesa makina a Alcotest, ndipo mu 2018 khoti lalikulu la kumeneko linati zotsatira za milandu yoposa 20,000 n'zosadalirika. Ku Massachusetts ofesi yoyang'anira makinawa inabisa zikalata zosonyeza kuti ena analephera mayeso, ndipo mu 2023 khoti linalola anthu pafupifupi 27,000 kupempha kuti milandu yawo ionedwenso. Pagulu limeneli panali osalakwa amene analandidwa malayisensi. Panalinso zidakwa zenizeni zimene zinapeza khomo lotulukira chifukwa cha ulesi wa ogwira ntchito m'boma.

Koma zinachitika ku Ireland ndi ku Australia ndiye zochititsa manyazi kwambiri. Mu 2017 apolisi a ku Ireland anavomera kuti analemba m'makompyuta mwawo anthu pafupifupi 1 miliyoni amene sanawayeze n'komwe, ndipo atafufuza bwino chiwerengerocho chinakwera kufika pafupifupi 1.5 miliyoni. Chaka chotsatira apolisi a m'chigawo cha Victoria ku Australia anaulula kuti mayeso oposa 258,000 m'zaka zisanu ndi theka anali abodza. Apolisi ankauzira okha kapena kutseka kapaipi ndi chala, pofuna kukwanitsa chiwerengero chimene mabwana awo ankafuna. Zaka zonsezi madalaivala akhala akutafuna adyo osaphula kanthu, pomwe amene anakwanitsadi kunamiza makinawa ndi omwe anapatsidwa kuti awasunge.

Alipo amene akamva zimenezi amathamangira kunena kuti bola kungozitaya zipangizozi. Akulakwitsa. Pamene Barbara Castle, nduna ya zamtengatenga ku Britain, anakhazikitsa lamulo loyeza madalaivala mu 1967, anatukwanidwa ndi kulandira makalata omuopseza, koma m'chaka choyamba anthu ofa pamsewu anachepa ndi oposa 1,000. Popanda makina, chotsala ndi mphuno ya wapolisi ndi mawu ake, ndipo aliyense amene amayenda mumsewu wa M1 akudziwa mmene nkhani yodalira mawu a munthu mmodzi imathera pa rodibuloko. Nambala yolembedwa papepala ndi yovuta kukambirana mtengo.

South Africa inasonyeza njira yapakati. Mu 2011 khoti lalikulu ku Cape Town linapeza kuti makina a Dräger sankagwiritsidwa ntchito motsatira ndondomeko, ndipo aboma anasiya kudalira zotsatira zake kukhoti. Khotilo silinanene kuti kuyeza mpweya n'kosaloledwa. Linafuna kuti maphunziro a oyeza, kasamalidwe ka makina ndi zikalata zake zikonzedwe. Zinatenga zaka zisanu, ndipo mu 2016 chigawo cha Western Cape chinayambiranso kuyeza.

Kuno kwathu mlingo wololedwa ndi magalamu 0.08 a mowa pa mamililita 100 a magazi, pomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa 0.05, mlingo umene South Africa ikutsatira kale. Kutsitsa nambalayi n'kofunika, koma sikungathandize ngati chipangizo choyezera sichikhulupirika. Bungwe la Malawi Bureau of Standards limayendera masikelo ndi mapampu a mafuta kuti ogula asaberedwe. Chipangizo chimene chingalanditse munthu layisensi ndi ntchito chiyenera kuyenderedwa mokhwima kuposa pampu ya petulo. Chilichonse chikhale ndi chizindikiro chooneka cha tsiku limene chinayesedwa komaliza, ndipo dalaivala aloledwe kuchiona asanauzire. Kapaipi kouzirira katsegulidwe pamaso pake. Zotsatira zilembedwe ndi tsiku, nthawi ndi nambala ya wapolisi, dalaivalayo apatsidwe pepala lake, ndipo wotsutsa aloledwe kukayezetsa magazi kuchipatala nthawi yomweyo.

Aphungu a m'komiti yoona za mtengatenga afunse akuluakulu a polisi ndi a Road Traffic kuti zipangizo zilipo zingati, akuziyesa ndani ndipo kangati pachaka. Afunsenso kuti chiwerengero cha anthu oyezedwa chikugwirizana bwanji ndi cha timapaipi timene tinagulidwa, chifukwa ku Ireland bodza lija linaululika pamene zolemba za apolisi zinayerekezedwa ndi zimene makina eni akewo anasunga.